Wachibale Akagonekedwa m'Chipatala, Ntchito Imatsala ndi Ndani?

Kunja kusanache bwino, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri amangoti ku Gulupu, utsi umakhala ukufuka kale. Amayi ena akutakasa phala, ena akuchapa zitenje za odwala, ena akupinda mphasa zomwe anagonapo. Awa ndi magadiyani. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Mzuzu Central ndi m'zipatala za m'maboma zilinso chomwecho. Anamwino ndi ochepa, ndiye kusambitsa wodwala, kumudyetsa, kumugwiriziza popita kuchimbudzi ndi kukadzutsa anamwino usiku matenda akakula, zonsezo zimagwera wachibale.

Pakati pa magadiyaniwo pali aphunzitsi, alonda, ogulitsa m'sitolo ndi ogwira ntchito m'maofesi. Ikamakwana 7 koloko mumawaona akusukusula pampopi, kusintha malaya, n'kuthamangira minibasi, maso ali psuu. Madzulo abweranso ndi chakudya m'kontena.

Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 linaganizira za wantchito amene wadwala yekha. Munthu akagwira ntchito miyezi 12 pamalo amodzi, amaloledwa kupuma masabata anayi akulandira malipiro onse ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka, bola abweretse kalata ya dokotala. Mayi wobereka ali ndi masabata asanu ndi atatu kamodzi pa zaka zitatu, ndipo lamuloli litakonzedwa mu 2021, nawo abambo anapatsidwa masabata awiri mwana akabadwa. Koma amene wadwala akakhala mwana, mwamuna kapena apongozi, masiku a matenda aja sagwira ntchito. Pamenepo munthu amadula pa tchuthi chake cha pachaka, chomwe ndi masiku 15 kwa ogwira masiku asanu pa sabata ndi 18 kwa ogwira asanu ndi limodzi. Akatha amenewo, chotsala ndi mtima wa abwana ndi malamulo a pakampanipo.

Pali chinthu china m'lamulomo chimene ambiri sachidziwa: udindo wa pabanja uli m'gulu la zifukwa zomwe wolemba ntchito saloledwa kusalira kapena kuchotsera munthu ntchito. Wochotsedwa chifukwa chotero akhoza kukadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations. Izi sizikutanthauza kuti munthu azingosowa osatsanzika. Amene amazimitsa foni masiku atatu n'kubwera ndi nkhani ya maliro amadziphera yekha mlandu. Uthenga wa pafoni wotumizidwa m'mawa womwewo, kalata yogonekera wodwala, ndi dzina la mnzake amene amugwirire ntchito, zimamuteteza kuposa misozi ya pambuyo.

Komatu Amalawi ambiri alibe abwana oti n'kuwapempha tchuthi. Mayi wa geni ya tomato ku Limbe akakhala sabata m'chipatala, tomato amaola, makasitomala amazolowera benchi ya mnzake, ndipo mpamba umathera pa thiransipoti ndi mankhwala omwe adokotala alemba kuti akagule kufamase. Mnyamata wa kabaza yemwe njinga si yake amapeza mwiniwake waipereka kwa wina. Mlimi naye, matenda akagwa mu Disembala, udzu sudikira. Kwa anthu amenewa tsiku lojomba ndi tsiku lomwe mbale sizida.

N'chifukwa chake banki mkhonde yakula chonchi. Kupatula masheya ndi ngongole, magulu ambiri amasonkha kandalama kapadera ka matenda ndi maliro, kamene membala amathandizidwa nako mwamsanga popanda kudikira kugawana kwa kumapeto a chaka. Ena amadalira chipereganyu, n'kupempha anzawo kuti alandire mwezi uno m'malo mwa mwezi wawo. Abale a ku Johannesburg kapena ku Cape Town amatumiza ndalama, imene masiku ano imafika tsiku lomwelo pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Amene alibe zonsezi amagwa m'manja mwa akatapila, ndipo wodwala amachira ngongole isanachire.

Zadzidzidzi zina zimagwera dziko lonse nthawi imodzi. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy anatseketsanso sukulu m'maboma a kum'mwera, makalasi ambiri n'kusanduka misasa ya osowa pokhala. Maofesi ndi misika sizinadikire. Makolo ena anatumiza ana kwa agogo kumudzi, ena anawasiyira anansi, ndipo m'nyumba zambiri mtsikana wamkulu ndiye anasanduka mayi wa azing'ono ake.

Apa mpamene pali chinthu chosalungama chimene mabanja sakonda kuchitchula. Pakagwa vuto, amene amasiya ntchito, geni kapena sukulu kawirikawiri ndi wamkazi, ngakhale atakhala kuti ndi iyeyo amene amabweretsa ndalama zambiri pakhomo. Ku wodi ya amayi n'zomveka kuti gadiyani akhale mkazi, koma kuphikira ana, kuwaperekeza kusukulu ndi kukasiya chakudya kuchipatala sikufuna chitenje.

Mabanja amene amapirira matenda aatali amachita kugawana ngati alonda. Wina amagona kuchipatala, wina amalowa masana, wa kutali amatumiza ndalama, ndipo mmodzi yekha ndiye amalankhula ndi adokotala n'kufotokozera onse pa gulu la WhatsApp la banja, kuti nkhani isasinthe m'njira. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika nawonso amalowererapo, kubweretsa ufa ndi nkhuni, mwina kukhala ndi wodwala masana amodzi kuti gadiyani akaonekere kuntchito ndi kukagonako pa bedi.