Mwana Mmodzi Wopuwala Adzutsa Maiko Anai

Anthu ena kumidzi amadabwa akaona mlangizi wa zaumoyo alikuyenda ndi buku lache, nafunsa dzina la wodwala, zaka zache, mudzi wache ndi tsiku limene nthenda inamyamba. Amati kulemba sikuchiritsa munthu. Koma zimene zinachitika ku Lilongwe zionetsa ntchito ya kulembako.

Pa 19 Novembala mwana wina wa zaka zitatu anapuwala mwadzidzidzi, m'chaka cha 2021. Achipatala analemba mbiri yache, natenga chimbudzi chache, nachitumiza ku South Africa kuti akachipime. Pambuyo pache chinapitanso ku America. Kumeneko anapeza kachirombo ka poliyo, nthenda imene inali isanaonekenso m'Malawi chiyambire 1992. Ndipo pofanizira kachiromboko ndi tizirombo tina tolembedwa m'mabuku ao, akatswiri anaona kuti n'kochokera ku Pakistan, dziko lakutali ku Asia. Achipatala a ku Pakistan akadabisa zolemba zao, palibe akadadziwa kumene kanachokera.

Boma linalengeza za nthendayi mu Febuluwale 2022. Mwina munthu angafunse kuti, mwana mmodzi yekha n'kuchita naye phokoso lotere? Chifukwa chache nachi: mwa anthu 200 amene alowedwa ndi kachirombo ka poliyo, kawiri-kawiri mmodzi yekha ndiye apuwala. Enawo ayenda bwino-bwino osadziwa kanthu, koma kachirombo kalikutuluka m'chimbudzi chao ndi kulowa m'madzi ndi m'zakudya za anzao. Tsono mwana mmodzi wopuwala ali ngati utsi wotuluka pa denga. Moto weni-weni uli m'kati.

Mau anafika msanga ku maiko oyandikana nafe kudzera ku bungwe la World Health Organization, ndipo kuyambira mu Malichi 2022 ana ang'ono analandira katemera wa m'kamwa khomo ndi khomo m'Malawi, kenaka ku Mozambique, Tanzania ndi Zambia. Pofufuza anapezanso ana ena opuwala m'chigawo cha Tete. Mu Meyi 2024 kunalengezedwa kuti mliriwo watha.

Choncho mwana ali yense wosafika zaka 15 akalefuka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, makolo asayambe athamangira kukaombeza. Apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, kapena auze mlangizi. Achipatala afuna chimbudzi kawiri, pa masiku awiri osiyana, asanathe masiku 14, ndipo amachisunga pozizira. Masiku akapitirira, kachirombo kavuta kukapeza.

Nyakwawa ndi aphunzitsi angathandize kwambiri. Mphunzitsi ali ndi kaundula m'manja mwache. Akaona ana ambiri a mudzi umodzi ajomba sabata imodzi chifukwa cha kutsegula m'mimba kapena zidzolo, alembe maina ao ndi masiku, natumize ku chipatala chimene chili pafupi.