Ndalama zolembetsera milandu ndi kasungidwe ka mafayilo a kukhothi

Ndalama zolembetsera mlandu ndi ndalama zimene munthu amalipira kukhothi akamatsegula mlandu wa pakati pa iye ndi munthu wina, monga wa ngongole kapena wa chipukutamisozi. M'mayiko ena gawo la ndalama zotere limapatulidwa mwalamulo kuti lizisamalira mafayilo a milandu. Ku Malawi ndalama za boma zimayamba zalowa m'thumba limodzi, choncho kasungidwe ka mafayilo kamadalira bajeti imene makhothi apatsidwa.

Zimene zimakhala mu fayilo

Fayilo ya mlandu imakhala ndi chisamani, umboni umene majisitireti kapena jaji walemba, zikalata zoperekedwa ngati umboni, malisiti ndiponso chigamulo. Amene amaisunga ndi makalaliki a khothi. Adani ake akuluakulu ndi chiswe, makoswe, chinyezi, denga lodontha, moto komanso anthu oba kapena obisa mafayilo mwadala.

Kufunika kwa fayilo kumaoneka bwino pa malo ngati Biriwiri m'boma la Ntcheu. Malowa ali pa msewu wa M1, m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri amagulitsana mbatata ya kachewere, kabichi ndi katundu wina. Wamalonda amene wapambana mlandu wa ngongole ku khothi la majisitireti amafunika chigamulo cholembedwa kuti alandire ndalama zake. Amene sanakhutire ndi chigamulo amachita apilo ku Khothi Lalikulu, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Jaji womva apilo amawerenga zimene zinalembedwa ku khothi laling'ono, kotero fayilo ikasowa apiloyo imaima.

Zimene zinachitika mafayilo atasowa

Mu 2007 Khothi Lalikulu, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, linagamula kuti kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, popanda kuona mmene zinachitikira, n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu 2015 makhothi anayamba kumvanso za zilango za akaidi oposa 100 amene anakhudzidwa ndi chigamulochi. Mafayilo a ambiri mwa iwo anali atasowa kapena anali operewera. Maloya ndi owathandiza anayenda m'midzi kukafunsa mafumu ndi abale kuti asonkhanitsenso umboni wa zinthu zimene zinachitika kalekale.

Kumene mafayilo akale amapita

Mafayilo a milandu yotha amene ali ofunika kusungidwa amatumizidwa ku National Archives of Malawi. Ofesiyi inatsegulidwa ku Zomba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, ndipo lamulo loiyendetsa linakhazikitsidwa mu 1975. Masiku ano zigamulo zambiri za makhothi akuluakulu zimapezekanso kwaulere pa intaneti kudzera pa MalawiLII, koma chigamulo ndi gawo limodzi chabe la fayilo.

Kumene ndalama zimapita

Gawo 172 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limati ndalama zonse zimene boma latolera zizilowa m'thumba limodzi lotchedwa Consolidated Fund, pokhapokha ngati malamulo anena zina. Kuti ndalama zituluke m'thumbali pamafunika chilolezo cha malamulo, makamaka bajeti imene aphungu amavomereza chaka ndi chaka. Mu bajeti ya makhothi, mashelefu, mabokosi ndi makina ojambulira mapepala amalimbirana ndalama ndi mafuta a galimoto, magetsi ndi kukonza nyumba.

Kupatula ndalama za ntchito imodzi si kwachilendo m'dziko muno. Oyendetsa galimoto pa M1 amalipira pa zipata za Chingeni ku Ntcheu, chomwe chinatsegulidwa mu 2021, ndi Kalinyeke ku Dedza, ndipo ndalamazo zimapita ku Roads Fund Administration kuti zikonze misewu. Thumba la mafayilo a kukhothi lingafunenso lamulo lakelake lotere.

Zitsanzo za ku America

Chigawo cha New York chinakhazikitsa thumba losamalira zolemba za maboma aang'ono mu 1989. Ndalama zake zimachokera ku zimene anthu amalipira kwa makalaliki polembetsa zikalata ndi milandu ina. Ku Virginia, Library of Virginia imayendetsa ntchito yotchedwa Circuit Court Records Preservation Program. Ndalama yochepa imawonjezedwa pa chikalata cha malo chilichonse cholembetsedwa kukhothi, ndipo imagawidwa kwa makalaliki kuti akonze mabuku akale, awajambule ndi kuwasunga bwino.

Ubwino ndi zovuta zake

Ubwino wa njirayi ndi wakuti ndalama zimabwera mosalekeza ndipo sizingapatutsidwe mosavuta. Zovuta zake zilipo zitatu. Choyamba, gawo 41 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wofika kukhothi, ndipo kukweza mtengo kungalepheretse mlimi wosauka amene walipira kale thiransipoti yopitira ku boma. Chachiwiri, pa milandu ya upandu wozenga mlandu ndi boma ndipo wodandaula salipira, chonsecho mafayilo amenewa ndi amene amakhudza ufulu wa munthu amene ali m'ndende. Chachitatu, makhothi a m'mizinda angatolere zambiri kuposa a kumidzi. N'chifukwa chake ku New York ndi ku Virginia ndalamazi zimasonkhanitsidwa pamodzi kenako n'kugawidwa kwa maofesi amene apempha malinga ndi zosowa zawo.