Momwe Britain imalelera wofufuza: ulendo wa Pulofesa Frances Platt

Kumudzi ambiri amaganiza kuti wasayansi wa ku Britain amalembedwa ntchito ndi boma n'kumalandira malipiro mpaka kupuma. Sizili choncho. Akamaliza PhD, yomwe imatenga zaka zitatu kapena zinayi, amayamba ntchito za kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ndalama zake zimachokera ku mabungwe monga Medical Research Council ndi Wellcome. Ikatha kontirakitiyo, apemphenso kwina. Ambiri amagwa mphwayi panjira.

Frances Platt wa ku Oxford ndi mmodzi mwa omwe anapirira. Anaphunzira za zinyama ku Imperial College ku London, PhD anachitira ku Bath, kenaka anakagwirako ntchito ku St Louis, ku America. Atabwerera anakhazikika ku Oxford, komwe Raymond Dwek ankatsogolera kafukufuku wa mitundu ya shuga yomwe imamatirira ku mapuloteni ndi mafuta a m'thupi. Si shuga wothira mu tiyi ayi, koma timaunyolo tomwe maselo amazindikirana nato.

Nthawi imeneyo asayansi ankayesa mankhwala otchedwa NB-DNJ polimbana ndi HIV. Sanathandize mokwanira. Koma Platt ndi mnzake Terry Butters anaona chinthu china chomwe sankachifunafuna: mankhwalawo ankachepetsa kapangidwe ka mafuta ena okhala ndi shuga m'maselo. Anafalitsa zimenezi mu 1994.

Kufunika kwake kuli apa. M'selo muli kathumba kotchedwa lysosome, komwe Christian de Duve wa ku Belgium anakatulukira mu 1955. Ntchito yake n'kuphwanya zinthu zotha ntchito. Mwana akatengera kwa bambo ndi mayi omwe chilema cha m'chibadwa, chophwanyira chimodzi chimasowa, zinyalala zimaunjikana, kapamba ndi chiwindi zimatupa, ndipo pa matenda ena ubongo umawonongeka pang'onopang'ono. Matenda otere alipo pafupifupi 70, monga a Gaucher ndi a Niemann-Pick. Kuyambira 1991 odwala Gaucher ankalandira chophwanyira chosowacho kudzera m'diripi, koma chimenechi sichilowa mu ubongo. Ganizo la Platt linali la mayi aliyense wa pakhomo: ngati wosesa ali ndi mphamvu zochepa, chepetsani zinyalala zogwa pabwalo.

Kuchokera pa ganizo kukafika pa mbulu wa mankhwala panadutsa manja ambiri, ndipo apa ndi pomwe dongosolo la ku Britain limaonekera bwino. Bungwe la Lister Institute linamupatsa Platt ndalama zoti afufuze kwa zaka zingapo osadera nkhawa za kontirakiti. Kampani ya Oxford GlycoSciences, yomwe inabadwira ku yunivesite komweko, inayesa mankhwalawo pa odwala. Mu 2002 Ulaya inawavomereza pa matenda a Gaucher ndi dzina loti miglustat, ndipo mu 2009 anavomerezedwanso pa Niemann-Pick wa mtundu wa C. Sachiritsa, amangochedwetsa matendawo, komanso ambiri amawatsegula m'mimba. Komabe kwa makolo omwe ankangoyang'ana mwana wawo akuiwala kuyenda ndi kumeza, kuchedwetsako ndi chinthu chachikulu.

Makolowo sakhala chete. Mabungwe awo, monga Gauchers Association ndi Niemann-Pick UK, amasonkha ndalama za kafukufuku, amalumikiza mabanja ndi madokotala, ndiponso amalankhula ndi aphungu. Izi n'zimene zimadabwitsa kwambiri Mmalawi wofika kumene ku Britain: matenda ogwira ana owerengeka chabe, koma mawu awo amafika ku nyumba ya malamulo.

Odwala satumizidwa kuchipatala wamba. Bungwe la zaumoyo la boma, NHS, linasankha zipatala zochepa za akatswiri ku London, Cambridge, Birmingham ndi Manchester, monga Great Ormond Street ndi Addenbrooke's, ndipo wodwala salipira akafika. Mankhwala atsopano amayamba aunikidwa ndi bungwe la NICE. Pa matenda osowa kwambiri, kuyambira 2017 limalola kuti boma lilipire mpaka £100,000 pa chaka chilichonse cha moyo wathanzi chomwe mankhwala awonjezera, nthawi zina kuposa apo. Mankhwala ena amakanidwa, mabanja n'kulira. Ndalama za NHS ndi za msonkho, ndipo ambiri obwera kudzakhala m'dzikomo ndi viza amalipiranso ndalama ya zaumoyo pofunsira vizayo.

Platt anasankhidwa kukhala membala wa bungwe la asayansi la Royal Society mu 2021. Mu 2024 America inavomereza mankhwala ena a Niemann-Pick ochokera ku IntraBio, kampani yomwe iye anathandiza kuyambitsa, patadutsa zaka 30 chifalitsireni zotsatira zake zoyamba zija.

Wellcome yomwe yatchulidwa koyamba ija ndi imene imathandiza kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Wachinyamata wokonda sayansi asadikire kuti afike ku Oxford: ayambire pomwepo, aphunzire kulemba pempho la ndalama msanga, ndipo akonzekere zaka zambiri za makontirakiti afupiafupi.