Mfuti Zidasanduka Makasu

Masiku ano timamva nkhani zambiri za chiwawa. Pa wailesi amatiuza za nkhondo. Kumsika anthu amatentha wakuba. Kumudzi abale amatemana ndi zikwanje polimbirana malire a munda. Ena amati munthu wovuta samva pakamwa, amamva ndodo. Kodi ndi zoona? Tiyeni tione zimene zidachitikira anansi athu a ku Mozambique.

Nkhondo ya pachiŵeniŵeni

Dziko la Mozambique lidalandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Apwitikizi m'chaka cha 1975. Mu 1977 nkhondo idabuka pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Maboma a azungu a ku Rhodesia ndi ku South Africa ankakolezera motowo popatsa Renamo zida.

Nkhondoyi idatenga zaka 15. Sukulu ndi zipatala zidatenthedwa. Alimi ankaopa kupita kumunda chifukwa cha mabomba okwirira pansi. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa, ena ndi zipolopolo, ena ndi njala ndi matenda. Enanso oposa 1 miliyoni adathaŵira kuno ku Malaŵi. Adakhala ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena. Achikulire ambiri akukumbukira bwino alendo ameneŵa. Paja akuluakulu adati njovu ziŵiri zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Zaka zonsezi palibe mbali imene idagonjetsa inzake.

Adakhala pansi nakambirana

Atsogoleri a mipingo adaona kuti mfuti zalephera. Adayamba kuyendera mbali zonse ziŵiri, kuzipempha kuti zikumane. Mu Julaye 1990 nthumwi za boma ndi za Renamo zidakumana mumzinda wa Rome, ku Italy. Pakati pawo padali ankhoswa: anthu a bungwe la Sant'Egidio la mpingo wa Katolika, Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, ndiponso nthumwi ya boma la Italy.

Ntchito sidali yapafupi ayi. Anthuŵa adali ataphana kwa zaka zambiri ndipo sankakhulupirirana. Tsono ankhoswa adaŵalangiza kuti ayambe ndi zimene akugwirizana, zovuta zija zibwere pambuyo. Kukambirana kudatenga miyezi 27. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 4 Okutobala 1992, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, a Afonso Dhlakama, adasayina pangano la mtendere. Adagwirizana kuti kumenyana kuthe, pakhale gulu limodzi la asilikali ochokera mbali zonse, ndipo Renamo ikhale chipani cha ndale. Mu 1994 kudachitika chisankho. A Chissano adapambana, koma Renamo idapeza mipando 112 mwa mipando 250 ya m'nyumba ya malamulo. Anthu amene ankaomberana m'tchire adayamba kutsutsana ndi pakamwa. Othaŵa nkhondo aja adabwerera kwawo.

Khasu m'malo mwa mfuti

Koma padatsala vuto lina. Mfuti zambirimbiri zidali zobisidwa m'nyumba ndi m'maenje m'tchire. Ena ankazigwiritsa ntchito pakuba. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo, adayambitsa ntchito yosinthanitsa zida za nkhondo ndi zida za ntchito. Bishopuyo ankauza anthu kuti kugona ndi mfuti m'chipinda kuli ngati kugona ndi njoka, tsiku lina idzakuluma.

Zinkayenda motere. Munthu akabweretsa mfuti, kapena akasonyeza pamene zidakwiriridwa, sankamufunsa kuti waphapo angati. Ankamupatsa khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Mfutiyo ankaidula kuti isadzaombenso. Mwa njira imeneyi adasonkhanitsa mfuti, zipolopolo ndi zida zina zoposa 600,000.

Zidutswa za mfutizo sadazitaye zonse. Amisiri a ku Maputo adaziwotcherera napanga mbalame, mipando ndi zinthu zina zokongola. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya British Museum ku London.

Mtendere umafuna kupalira

Tisaganize kuti mavuto onse adathera pomwepo. Mu 2013 boma ndi Renamo adayambanso kumenyana m'chigawo chapakati. Mu 2016 anthu ena adathaŵiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza. Koma njira ija adali akuidziŵa kale. Adakhalanso pansi, ndipo mu Ogasiti 2019 Pulezidenti Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade a Renamo adasayina pangano lina. Kumpoto, ku Cabo Delgado, kudabuka chiwawa cha gulu lina mu 2017. Mtendere uli ngati munda. Ukausiya osapalira, udzu umameranso.

Nanga ife kuno kwathu?

Mwina mukuti izi ndi za maboma ndi asilikali. Iyayi. Mkangano wa m'banja kapena wa m'mudzi umatha mwa njira yomweyo.

Choyamba, pezani munthu wapakati amene nonse mumamukhulupirira. Pa nkhani ya banja pali ankhoswa. Pa nkhani ya munda pali a mfumu ndi bwalo lawo. Wakuba mukamugwira, mupite naye kupolisi. Mukamupha, mlandu wakupha ugwera inu, ndipo mwina si iyeyo adaba.

Chachiŵiri, musafulumire. Lolani mnzanu anene mbali yake mpaka amalize. Yambani ndi zimene mukugwirizana.

Chachitatu, mkangano ukatha, chotsani chimene chingaudzutsenso. Ngati ndi malire, bzalani mitengo m'malirewo pamaso pa mboni. Ngati ndi ngongole, lembani papepala. Tsopano mumatha kulemba, gwiritsani ntchito lusoli.

Mfuti zidalephera kwa zaka 15, pakamwa padatha ntchitoyo m'miyezi 27. Zoonadi, nkhondo simanga mudzi.

Mafunso okambirana

1. Kodi ankhoswa a ku Rome adathandiza bwanji?
2. Chifukwa chiyani wobweretsa mfuti sankamufunsa mafunso?
3. Ndi mikangano iti imene imabuka kaŵirikaŵiri m'mudzi mwanu? Ndani angakhale wapakati?