Kuweta akalijosolo: chakudya cha nkhuku ndi nsomba chochokera pakhomo

Aliyense woweta nkhuku kapena nsomba za m'damu akudziwa kuti ndalama zambiri zimathera pa chakudya. Madeya okha sakuza chiweto msanga, pamafunika ndithu mapulotini, ndipo kwathu kuno timawapeza mu soya ndi usipa. Koma usipa womwewo ndiye ndiwo za ana, ndiyenso ndalama ya msodzi. Ukafika pa msika wa Mzuzu kuchokera ku Nkhata Bay umakhala utakwera kale mtengo. Kuusinja kuti nkhuku zidye, mtima umawawa.

Njira ina ilipo: kuweta tizilombo tating'ono tolira usiku kuseri kwa mitsuko tija, tomwe ambiri timati akalijosolo. Ku Ulaya ndi ku America anthu amatiweta m'mabokosi kuti azidyetsa abuluzi ndi achule omwe amasunga m'nyumba ngati ziweto. Ife abuluzi sitiweta, koma luso lake ndi lomwelo. Lipoti la bungwe la FAO la mu 2013 lidati ku Thailand kuli alimi pafupifupi 20,000 oweta tizilomboti, ndipo ku Kenya, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, mabanja ena adayamba kale ulimiwu. Tikauma, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapulotini.

Tisasokoneze ndi nkhululu. Nkhululu imakhala m'una pansi pa nthaka ndipo imaswana kamodzi pachaka, choncho m'bokosi siyenda. Oweteka ndi ang'onoang'onowa, akuda a m'munda ndi otuwa a m'nyumba, chifukwa amakhala ambiri malo amodzi ndipo amakula m'masabata 6 mpaka 8.

Chinsinsi chonse chagona pa kutentha. Akalijosolo amakula bwino pa madigiri 28 mpaka 32. Kukazizira amadya pang'ono, amachedwa kukula, ndipo mazira amatenga nthawi yaitali kuti aswe. Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Choncho wa ku Chibavi kapena ku Katoto ayambe ulimiwu mu September kukayamba kufunda, ndipo bokosi alisunge m'chipinda choyandikana ndi kukhitchini, usiku azilifunditsa ndi masaka. Inu a kunyanja, kungotsika makilomita osakwana 50 kufika ku Nkhata Bay, mpaka ku Nkhotakota ndi Salima, kutenthako muli nako kwaulere miyezi yambiri. Chanu n'kuonetsetsa kuti bokosi lili pamthunzi, pakuti dzuwa la October likaliwomba mwachindunji timafa tonse.

Zofunika n'zosavuta kupeza. Tengani beseni lalikulu lapulasitiki kapena chidebe chakuya chosalala mkati. Pamwamba phimbani ndi nsalu yopyapyala kapena sefa kuti mpweya uzilowa. Mkatimo imikani matireyi a mazira apepala aja, ndiwo malo obisalamo. Malo akachepa amayamba kudyana okhaokha. Poyambira gwirani akalijosolo 50 kapena kuposerapo madzulo pansi pa zinyalala ndi miyala, koma akhale a mtundu umodzi. Wamkazi mumuzindikira ndi kachinthu konga singano kumbuyo kwake, komwe amaikira mazira m'dothi. Wamwamuna ndi amene amalira. Aakazi achuluke.

Chakudya chawo ndi madeya osakaniza ndi soya wokazinga pang'ono wosinja, kuonjezera masamba a maungu, a mbatata kapena bonongwe. Masamba opopera mankhwala musayerekeze, tsiku limodzi lokha mupeza zonse zili gada. Madzi musaike m'mbale yapululu ayi, amamira. Nyowetsani thonje kapena kansalu m'kambale, kapena dzazani timiyala m'kambalemo kuti azimwa ataima pouma.

Amuna akayamba kulira, ikani kambale ka mchenga wonyowa pang'ono, wakuya ngati chala chimodzi. Mchengawo muyambe mwaukazinga pamoto n'kuuziziritsa kuti muphe tizilombo tina. Pakatha masiku awiri kapena atatu chotsani kambaleko, mukaike m'beseni lina, ndipo muziwaza timadzi kuti mchenga usaume. Kukakhala kofunda mazira amaswa pakatha masiku 10 mpaka 14. Anawo amakhala ngati nyerere, apatseni madeya osefa bwino. Mukamasintha timbale motere sabata iliyonse, mabeseni angapo amakupatsani zokolola mosadukiza.

Adani ake ndi nyerere, linthumbu, makoswe, abuluzi ndi akangaude. Beseni likhale pa thandala, miyendo yake itaima m'zitini za madzi. Mdani wina ndi chinyezi: chakudya chotsala chikachita nkhungu, matenda amalowa. Chotsani masamba ofota tsiku lililonse. Ndowe zake zouma musataye, ndi manyowa abwino a kudimba.

Pokolola, kutumulirani matireyi m'chidebe. Anapiye ndi nkhuku mutha kuzipatsa amoyo. Ofuna kusunga, muwaviike m'madzi owira mphindi zochepa, muwayanike pathandala monga timachitira ndi usipa wofutsa, kenaka musinje n'kusakaniza ndi madeya. Ufa umenewu makumba, chilunguni ndi milamba ya m'damu zimadya. Siyani ena aakulu oti apitirize mbewu.

Apa tikukamba za chakudya cha ziweto. Zoti munthu adye tizilomboti ndi nkhani ina: dzombe ndi lololedwa, koma pa tizilombo tina ma ulama amasiyana maganizo, ndiye funsani a shehe a kwanuko. Ubwino woweta nokha ndi woti mukudziwa kuti tadya zoyera, osati za kudzala.

Musayembekezere kuti beseni limodzi lidyetsa khola la nkhuku 200. Limathandiza anapiye m'masabata oyambirira, pomwe mapulotini amafunika kwambiri, ndi kuchepetsa usipa womwe mukadasinja. Yambani ndi beseni limodzi, mulembe tsiku lomwe mwaika mchenga ndi tsiku lomwe mazira aswa. Mukaona kuti mbewu yachiwiri yakula bwino, ndiye onjezerani mabeseni.