Dzina la Yunivesite ndi Mtengo Wake

Ku United States, tsiku la 1 Meyi limasowetsa tulo m'mabanja ambiri. Limeneli ndi tsiku limene mayunivesite ambiri amafuna kuti mwana amene anamupatsa malo ayankhe ngati akubwera kapena ayi, ndipo ngati akubwera apereke ndalama ya chikole. Kumeneko mwana sadikira kuti amve dzina lake pa mndandanda umodzi wa osankhidwa. Amalembera yekha ku masukulu angapo, ena mpaka khumi kapena kuposerapo, ndipo mwana wakuthwa m'kalasi amatha kulandira makalata anayi kapena asanu omuvomera. Chimwemwe chikatha, banja limakhala pansi ndi makalata awiri. Ina yachokera ku yunivesite yomwe dzina lake limadziwika dziko lonse lapansi, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Inayo yachokera ku yunivesite yomwe anthu akutali sanaimvepo, koma ikunena kuti: bwera, fizi usadandaule nayo, tikulipirira chifukwa wakhoza bwino.

Kuti timvetse mkangano umenewu, tiyambe tasiyanitsa mitundu iwiri ya thandizo. Pali thandizo loperekedwa poona kusowa kwa banja. Makolo amadzaza fomu ya boma yotchedwa FAFSA, ndipo masukulu ambiri otchuka amafunanso ina, CSS Profile, yomwe imafunsa mozama za malipiro, ndalama za kubanki, bizinesi, ngakhale mtengo wa nyumba. Sukulu ikawerengera, imanena kuti banja lingakwanitse zingati, n'kuphimba zotsalazo. Thandizo lachiwiri ndi sikolashipu yoperekedwa chifukwa cha kukhoza bwino. Iyi siyang'ana m'thumba mwa makolo. Mwana wa dokotala ndi mwana wa mlonda amalandira mofanana ngati magiredi awo ndi ofanana.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mayunivesite asanu ndi atatu a gulu la Ivy League, omwe ndi Harvard, Yale, Princeton, Columbia, Pennsylvania, Brown, Dartmouth ndi Cornell, sapereka sikolashipu ya kukhoza bwino ngakhale imodzi. Saperekanso ya zamasewera. Maganizo awo ndi akuti aliyense amene walowa pachipata chawo ndi katswiri kale, ndiye ndalama zipite kwa amene akusowa. Ndipo amaperekadi mowolowa manja. Mu 2001 Princeton inasiya kuika ngongole mu thandizo limene imapereka, n'kumapereka ndalama zosabweza. Mu 2025 Harvard inalengeza kuti banja lopeza madola osapitirira 100,000 pachaka silidzalipira kalikonse, kuphatikizapo chakudya ndi malo ogona, ndipo lopeza osapitirira 200,000 silidzalipira fizi ya maphunziro. MIT, yomwe si ya Ivy League koma ndi ya msinkhu womwewo, inalengeza zofanana chakumapeto kwa 2024. Choncho mtengo wa madola oposa 80,000 pachaka umene umaoneka m'mabuku a masukuluwa ndi weniweni, koma amaulipira wonse ndi mabanja olemera okha.

Nanga masukulu enawo amagawiranji ndalama kwa ana amene makolo awo akanatha kulipira? Si chifundo ayi, ndi malonda. Kuyambira mu 1983 magazini ya U.S. News & World Report yakhala ikusanja mayunivesite kuyambira wapamwamba kutsika m'munsi, ndipo kwa zaka zambiri magiredi a ophunzira olowa akhala mbali ya mawerengedwe ake. Sukulu yomwe ikufuna kukwera imagula ana anzeru. University of Alabama ndiyo chitsanzo chodziwika bwino: imaika poyera tebulo losonyeza kuti wopeza magiredi akuti ndi mapointi akuti pa mayeso a SAT kapena ACT alandira ndalama zakuti, ndipo omaliza bwino mu mpikisano wa National Merit imawapatsa zochuluka koposa. Njirayi inagwira ntchito, moti ophunzira oposa theka pasukuluyi amachokera kunja kwa Alabama. Maboma a zigawo nawonso ali ndi zawo. Georgia inayambitsa HOPE Scholarship mu 1993, pa nthawi ya bwanamkubwa Zell Miller, ndi ndalama za lotale, pofuna kuti ana okhoza bwino aphunzire kwawo komweko. Florida inatsatira ndi Bright Futures mu 1997.

M'masukulu ang'onoang'ono omwe si a boma, nkhaniyi imafanana ndi malonda a kaunjika: mtengo woyamba umene wogulitsa watchula si umene akuyembekeza kulandira. Bungwe la NACUBO, la oyang'anira chuma m'mayunivesite, lakhala likupeza kuti masukulu otere amachotsera ophunzira atsopano ndalama zopitirira theka la fizi yolembedwa. Mwana amalandira kalata yokongola yonena kuti wapambana sikolashipu ya madola 25,000 pachaka, agogo n'kulira ndi chimwemwe, osadziwa kuti pafupifupi aliyense m'kalasimo walandira kalata yofanana. Kukula kwa sikolashipu sikunena kanthu. Nambala yofunika ndi imodzi yokha: zonse zikachotsedwa, banja litulutsa zingati pa zaka zinayi?

Tikafunsa choncho, timaona kuti vutoli si la aliyense. Wolemera kwambiri amalipira osamva kuwawa. Wosauka amene wavomeredwa ku Harvard kapena Princeton nthawi zambiri amapeza kuti kumeneko n'kotchipa kuposa yunivesite ya boma ya kwawo. Opanikizika ndi a pakatikati, makamaka amene pepala limawaonetsa ngati opeza bwino pomwe ndalama zawo zili ndi kopita kale.

Tiyerekeze banja lina: bambo ndi injiniya, mayi ndi namwino, onse pamodzi amapeza madola 230,000 pachaka, ana alipo atatu, nyumba ikadali pa ngongole. Mwana wawo woyamba wavomeredwa ku yunivesite yotchuka ya madola 90,000 pachaka, ndipo sukuluyo yati ithandiza ndi 30,000. Zotsala ndi 60,000 pachaka, kutanthauza 240,000 pa zaka zinayi. Yunivesite ya boma yamuchotsera fizi yonse, kwatsala chakudya, malo ogona ndi mabuku, mwina 15,000 pachaka, 60,000 pa zaka zinayi. Kusiyana kwake ndi madola 180,000, ndipo azing'ono ake awiri akubwera m'mbuyomo. Mwanayo payekha sangabwereke ndalama zimenezi ku boma. Malire a ngongole ya boma kwa wophunzira wodalira makolo ndi madola 5,500 chaka choyamba, 6,500 chachiwiri, ndi 7,500 pa chaka chachitatu ndi chachinayi, zonse pamodzi 27,000. Zotsalazo ziyenera kuchokera m'ndalama zimene makolo anasungira ukalamba wawo, kapena mu ngongole ya Parent PLUS yomwe imalembedwa m'dzina la kholo, kapena kubanki ndi chiwongoladzanja chake. Ngongole ya sukulu ku America ndi yokakamira: ngakhale khoti litagamula kuti munthu wagwa pa chuma, kuifafaniza n'kovuta kwambiri. Anthu oposa 40 miliyoni m'dzikolo ali ndi ngongole ya sukulu ku boma, yoposa madola 1.6 thiriliyoni.

Funso lenileni tsono ndi ili: kodi dzina la sukulu limabweza ndalama zimenezi? Kungoyerekeza malipiro a omaliza ku Yale ndi a omaliza ku yunivesite wamba sikungatiuze zoona, chifukwa ana olowa ku Yale anali kale akhama, anzeru, ambiri a iwo ochokera m'mabanja odziwana ndi anthu akuluakulu. Akanachita bwino kulikonse. Stacy Dale ndi Alan Krueger anapeza njira yochenjera yozembera vutoli. Mu kafukufuku wawo wofalitsidwa mu 2002, anayerekeza ophunzira amene anavomeredwa ndi kukanidwa ku masukulu ofanana, koma wina n'kusankha yapamwamba, wina yotsikirapo. Patapita zaka, malipiro awo anali pafupifupi ofanana. Atabwereza kafukufukuyu mu 2011 ndi gulu lina la ophunzira, anapezanso zomwezo. Zimene olemba ntchito ankalipira zinali mwa mwanayo, osati pa chipata chimene analowera.

Koma mu kafukufuku yemweyo muli mfundo ina imene anthu amailumpha. Kwa ana ochokera m'mabanja osauka, ana a anthu akuda ndi a mtundu wa Hispanic, ndi ana amene makolo awo sanapite patali ndi sukulu, yunivesite yapamwamba inkasinthadi malipiro. Chifukwa chake sichovuta kuchiganizira. Mwana wa loya ali kale ndi amalume oti amuimbire foni kwa bwana wina; mwana wa woyendetsa basi amakapeza anthu otere kusukuluko. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana amenewa, omwe angapindule kwambiri n'kulipira zochepa kwambiri, ndi amene salembera n'komwe. Caroline Hoxby ndi Christopher Avery anasonyeza mu 2013 kuti ambiri mwa ana osauka okhoza bwino zedi satumiza kalata ku yunivesite yapamwamba iliyonse. Amaona mtengo wolembedwa uja n'kubwerera pakhomo.

Mu 2023 Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman anawonjezera mbali ina. Anayang'ana masukulu 12, a Ivy League aja pamodzi ndi Stanford, MIT, Duke ndi Chicago, n'kutsatira ana amene anaikidwa pa mndandanda wodikira, ena n'kulowa, ena ayi. Pa malipiro a munthu wamba, kusiyana kunali kochepa, monga ananenera Dale ndi Krueger. Koma pamwamba penipeni panali kusiyana kwakukulu. Mwayi wolowa m'gulu la munthu mmodzi pa 100 aliwonse opeza ndalama zambiri unakwera ndi theka kapena kuposerapo, mwayi wopita ku sukulu yapamwamba ya digiri yachiwiri unatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo wolembedwa ntchito ku kampani zotchuka unawirikiza pafupifupi katatu. Dzina limatsegula zitseko zochepa koma zolemera: mabanki akuluakulu a ku Wall Street, makampani opereka uphungu monga McKinsey, ndi maudindo apamwamba a boma. Mwa oweruza asanu ndi anayi a khoti lalikulu la United States, asanu ndi atatu anaphunzira zamalamulo ku Harvard kapena Yale.

Ngakhale pamenepa pali chofunika kuchiona. Wachisanu ndi chinayiyo, Amy Coney Barrett, anaphunzira zamalamulo ku Notre Dame atachita digiri yoyamba ku Rhodes College, sukulu yaing'ono ya ku Memphis. Woweruza mnzake Clarence Thomas anayambira ku Holy Cross asanapite ku Yale. Mpondamatiki Warren Buffett anayamba ku Pennsylvania, n'kukamalizira digiri yoyamba ku University of Nebraska kwawo, kenako anapita ku Columbia. Pa ntchito zofuna digiri yachiwiri, anthu amayang'ana kwambiri sukulu yomaliza. Mwana wofuna udokotala ku America amachita zaka zinayi za digiri yoyamba, kenako zina zinayi zodula kwambiri ku sukulu ya udokotala. Kutha ndalama zonse pa zinayi zoyambazo n'kusaganiza bwino. Chimodzimodzi wofuna unamwino, uphunzitsi, uinjiniya kapena zowerengera ndalama: ntchito zimenezi zimayendera mayeso ndi ziphaso zovomerezeka, ndipo chipatala sichiwonjezera malipiro a namwino chifukwa cha dzina la sukulu yake.

Sikolashipu nayo ili ndi zingwe zake, ndipo zimalembedwa m'timalemba tating'ono. Zambiri zimafuna kuti wophunzira asatsike pa magiredi ena ake. Ya HOPE imafuna avereji ya 3.0 pa 4.0. Mwana amene anali woyamba ku sekondale akhoza kupunthwa chaka choyamba ndi masamu kapena kemisitiri, sikolashipu n'kuchoka, sukulu yotchipa ija n'kusanduka yodula. David Sjoquist ndi John Winters anapeza mu 2015 kuti m'zigawo zokhala ndi masikolashipu akuluakulu otere, ophunzira omaliza digiri za sayansi ndi uinjiniya anachepa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zimaganiziridwa n'chakuti ana amathawira ku maphunziro ofewerapo poteteza ndalama. Banja liyenera kufunsa ngati sikolashipuyo ndi ya zaka zonse zinayi, ngati imakwera fizi ikakwera, ndi chimene chimachitika mwana akadwala teremu imodzi kapena akasintha maphunziro. Lifunsenso kuti pa ophunzira 100 olowa pasukulupo, ndi angati amamaliza m'zaka zinayi, pakuti chaka chachisanu nthawi zambiri sikolashipu sichilipira.

Kwa mwana wochokera kunja, monga wa ku Lilongwe, Chipata kapena Harare, masamu amasintha. Alibe gawo pa thandizo kapena ngongole za boma la America, ndipo asanapatsidwe chitupa cha ophunzira ayenera kusonyeza komwe ndalama zichokere. Sikolashipu yochotsa theka la fizi, yomwe banja la ku Ohio lingaisangalalire, kwa iye imasiya phiri losakwereka. Masukulu ochepa olemera kwambiri, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst ndi Dartmouth, ndi amene amasankha ophunzira akunja osayang'ana m'thumba, n'kuphimba kusowa kwawo konse. Ku Dartmouth n'kumene William Kamkwamba wa ku Kasungu anamaliza digiri yake mu 2014. Kulowa m'masukulu amenewa n'kovuta zedi, poti otchuka kwambiri amavomera anthu osakwana asanu pa 100 aliwonse olembera, koma kwa wosauka wakunja amene walowa, palibenso kwina kotchipa.

Kuona kwanga n'kwakuti ngati kusiyana kwa mitengo iwiriyo banja lingakulipire osabwereka, kapena ndi ngongole ya boma ya mwana yokha ija ya 27,000, dzina lalikulu n'loyenera kulitenga, makamaka kwa mwana woyamba m'banjamo kufika ku yunivesite. Ngati kusiyanako kukufuna kuti makolo a zaka 55 asaine ngongole ya madola 100,000, mwanayo apite kumene akumulipirira, akakhale patsogolo m'kalasi, akadziwane ndi aphunzitsi ake, dzina lalikulu akalifune pa digiri yachiwiri. Musanakane sukulu yodulayo, lemberani kalata ofesi yake ya zathandizo, muikemo kalata ya sukulu inayo ndi umboni wa chilichonse chimene fomu sinaonetse, monga matenda kapena kutha kwa ntchito. Nthawi zina amawonjezera. Ndipo kuyambira mu 2011 lamulo limakakamiza yunivesite iliyonse yolandira ndalama za boma zothandizira ophunzira kuika pa intaneti chowerengera mtengo weniweni wa banja lililonse. Inu makolo, chigwiritseni ntchito mwana asanatumize kalata yoyamba, osati mu Epulo iye atauza kale anzake kuti akupita ku Columbia.