CIGODOLA: CIFUKWA CACE NCHITO YOFUFUZA IFUNA NDALAMA

Mvula ikagwa ndipo msipu ukaphuka, alimi oweta ng'ombe amakondwa, komanso mitima yao siikhala pansi. Msipu umene unenepetsa ng'ombe ndiwonso ubisa nkhupakupa, ndipo nkhupakupa zina zimasenza nthenda imene anthu a Kum'mawa amaicha cigodola. Atonga a Kumwera amati denkete, ndipo m'mabuku a asing'anga a ziweto imalembedwa East Coast fever. Mankhwala ndi katemera zimene zichinjiriza ng'ombe ku nthendayi sizinapezeke mwamwai ai. Zinapezeka ndi khama la anthu ofufuza, pa zaka zambiri, ndipo nchito yaoyo inadya ndalama.

Mdani wosaoneka ndi maso

Cimene cimapha ng'ombe si nkhupakupa yeniyeniyo, koma kacirombo kokhala m'malobvu ace, kamene sikaoneka popanda makina okuza zinthu. Dzina lace ndi Theileria parva. Nkhupakupa yosenza kaciromboka ndi ija yofiirira yokonda kumamatira m'makutu. Ikali yaing'ono imayamwa magazi a ng'ombe yodwala, nigwa pansi, nifundula. Tsono ikakwera ng'ombe yina ndi kuiluma, kacirombo kaja kamalowa.

Kakalowa kamakhala m'timbeu toyera ta m'magazi, timene nchito yace ndi kuteteza thupi, nikaticititsa kuswana kosalekeza. Pamenepo anabere amatupa pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa, thupi limatentha, ng'ombe imaleka kudya, mapapu amadzala madzi, ndipo thobvu limaturuka m'mphuno. Kawirikawiri imfa imafika pasanathe milungu 4. Ana a ng'ombe ndi ng'ombe za mitundu ya ku Ulaya ndizo zimafa kwambiri.

M'mene nzeru inapezekera

Mliri wa rinderpest utatha ng'ombe zambiri m'zaka za 1896 ndi 1897, anthu anayamba kugula zina kucokera kunja. Ng'ombe zocokera ku dziko limene tsopano ndi Tanzania zinatsikira pa doko la Beira mu 1901, ndipo mu 1902 nthenda yacilendo inali kupulula makola m'dziko la Southern Rhodesia, lomwe lero ndi Zimbabwe. Poyamba ambiri anayesa kuti ndi nthenda ija yokodzetsa magazi. Sing'anga wochuka wa ku Germany, Robert Koch, anaitanidwa mu 1903, koma njira yace yotemera ng'ombe inalephera. Arnold Theiler, amene kacirombo kaja kanatenga dzina lace, anatsimikiza kuti iyi ndi nthenda yina, ndipo Charles Lounsbury anaonetsa kuti yoifalitsa ndi nkhupakupa ya m'makutu.

Atadziwa izi, Maboma anamanga madipi ndi mipanda ndi kuletsa kuyendetsa ng'ombe mwacisawawa. Ngakhale anatero, panapita zaka zoposa 50 kuti South Africa aithetse nthendayi, m'caka ca 1955. M'Zambia inalembedwa koyamba mu 1922 ku Fife, kufupi ndi Nakonde, ndipo kufikira lero siinathe.

Katemera anapezeka ku Muguga, m'dziko la Kenya, m'zaka za m'ma 1970, ndi cithandizo ca ndalama za mabungwe a United Nations. Njira yace ndi iyi: ofufuza amaweta nkhupakupa, naziyamwitsa pa ng'ombe yodwala, nazipera, nasunga tizirombo tamoyo pamalo ozizira koposa. Potemera, ng'ombe imabayidwa tiziromboto pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, kuti idwale pang'ono cabe ndi kucira. Ikacira, thupi lace limamdziwa mdaniyo moyo wace wonse.

Komatu kaciromboka kali ndi mafuko osiyanasiyana, ndipo katemera wa fuko limodzi sateteza bwino ku mafuko ena onse. Cotero m'zaka za m'ma 1980, ndi cithandizo ca dziko la Belgium, ofufuza anasanthula mafuko a m'Zambia momwemo. Fuko la Katete linasankhidwa kutemera ng'ombe za Kum'mawa, ndipo la Chitongo linasankhidwa kutemera za Kumwera.

Kumene ndalama zimapita

Munthu angafunse kuti, kodi ndalama zonsezo zimagula ciani? Zimagula ng'ombe zoyeserapo katemera, ndi akalulu odyetserapo nkhupakupa. Zimalipira magetsi, ndi mpweya wa naitrojeni wosungiramo katemera, pakuti akafunda tizirombo timafa ndipo nchito ya miyezi yambiri imatayika. Zimagula galimoto ndi mafuta ofikira ku makola a kutali m'nyengo ya dzinja. Koposa zonse zimaphunzitsa anthu. Sukulu ya asing'anga a ziweto pa University of Zambia inayamba mu 1983, ndipo dziko la Japan linathandiza kuimanga. Nyumba yaikuru ya Boma yopimira matenda a ziweto iri ku Balmoral, pafupi ndi Lusaka.

Zimene zikali zosadziwika

Nchito yotsala ndi yaikuru. Coyamba, pafunika katemera wosalira malo ozizira, amene munthu angamnyamule pa njinga kufikira mudzi uliwonse. Mu 2005 ofufuza anawerenga cibadwa conse ca kaciromboka, koma katemera wotere sanafikebe m'manja mwa alimi. Caciwiri, njati zimasunga mafuko ace ambiri popanda kudwala, ndipo ng'ombe zodya msipu umodzi ndi njati zingathe kufa ngakhale zinatemeredwa. Cacitatu, nkhupakupa zimazolowera mankhwala a m'dipi akagwiritsidwa nchito nthawi yaitali, motero payenera kukhala anthu ozipima caka ndi caka. Cacinai, mankhwala ocizira ochedwa buparvaquone ndi okwera mtengo, ndipo amathandiza kweni-kweni ngati ng'ombe yabayidwa nthenda isanakule.

Bvuto ndi lakuti gawo lalikuru la nchito imeneyi lakhala likuyenda ndi ndalama za maiko akunja, zimene zimaperekedwa kwa zaka zowerengeka. Zakazo zikatha, ofufuza amabalalika, makina amacita dzimbiri, koma nkhupakupa siziwerenga zaka. Akulu anati, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Cithandizo ca alendo ndi cabwino, koma dziko loweta ng'ombe liyenera kupatula ndalama zace-zace zofufuzira, zosaduka caka ciri conse.

Mlimi nayenso ali ndi mbali yace. Akauza msanga wa za ziweto kuti ng'ombe yatupa anabere, akalola kuti atengeko magazi kukapima, akalipira mtengo wa katemera, ndiponso akaleka kusamutsa ng'ombe popanda cilolezo, athandiza ofufuza kudziwa kumene mdani ali. Pakuti ng'ombe imodzi ikafa, banja litaya pulao, ngolo, mkaka ndi ndalama za sukulu ya ana. Ndipo mtengo wa kupima ndi wocepa pouyerekeza ndi khola lopanda kanthu.